Kodi Mumadziwa? Ampu ya Mavalavu M'dziko la Tiyi

Kodi mumadziwa kuti maampu a gitala okwera mtengo kwambiri padziko lapansi amayendera nzeru yakale kuposa minda yambiri ya tiyi ya ku Thyolo? Valavu, kagalasi kamene kamafiira m'kati mwa maampu amenewa, inapangidwa koyamba ndi John Ambrose Fleming ku London m'chaka cha 1904. Pamene Maclean Kay ankayamba esiteti ya Satemwa mu 1923, valavu n'kuti ili kale ndi zaka 19!

Ya Fleming ija sinkakuza mawu, inkangolola magetsi kudutsa mbali imodzi. Mu 1906 Lee de Forest wa ku America anaikamo kawaya kokhotakhota pakati, ndipo timagetsi tochepa tinayamba kulamulira magetsi ambiri. Wailesi, lamya zakutali, kanema wolankhula ndi gitala yamagetsi, zonsezi zinabadwira pa kawaya kamodzi kameneko.

Munaionapo pafupi? Ndi kagalasi kotalika masentimita 5 mpaka 10, kopopedwa mpweya wonse, kokhala ndi timapazi tachitsulo 8 kapena 9 tolowa m'soketi. Mukayatsa, pakatikati pamayamba kufiira pang'onopang'ono, ndipo pofiirapo pamatentha kuposa madigiri 700.

Pa galasilo pamakhala banga lonyezimira, ndipo ambiri akaliona amati valavu yapsa. Ayi ndithu, bangalo ndi mankhwala omeza kampweya kalikonse kotsalira m'katimo. Tsiku limene mudzalione litayera mbuu, dziwani kuti mpweya walowa ndipo valavuyo yafa, ngakhale itagulidwa dzulo.

Nanga gitalayo imatulutsa magetsi ochuluka bwanji? Pansi pa nsambo pali maginito okulungidwa ndi waya wamkuwa wowonda kwambiri, ndipo pa gitala ya Fender Stratocaster wayayo amazungulira pafupifupi ka 8,000. Mutamumasula n'kumutambasula m'mbali mwa msewu, akhoza kukwana kilomita yathunthu!

Komatu kilomita yonseyo imabala timagetsi tomwe nthawi zambiri sitifika ndi volti imodzi yomwe. Ntchito ya ampu ndi kutikuza mpaka tigwedeze sipika. Valavu ya 12AX7, imene imayamba kulandira gitala, ili ndi zipinda ziwiri, ndipo chipinda chilichonse chikhoza kukuza mawu mpaka ka 100.

Musaganize kuti mavalavu ndi achilendo kwathu kuno. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa wailesi ya batire yotchedwa Saucepan Special, imene thupi lake linali sefuliya ya aluminiyamu yopanda chogwirira, yopakidwa utoto wa buluu. M'kati mwake munali mavalavu 4, ndipo inkagulidwa mapaundi 5.

Anaipangira anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland kuti azimvera Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, imene inkaulutsanso m'Chinyanja. Agogo athu amene ankaunjikana pa wailesi imeneyi kumvera Alick Nkhata ankamumva kudzera m'mavalavu. Wailesiyo inatsogola zaka 15 MBC isanabadwe mu 1964.

Chosangalatsa n'chakuti gitala yamagetsi yoyamba kuyenda malonda nayo inkaoneka ngati yachokera kukhitchini. George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker anaitulutsa ku Los Angeles mu 1932, yozungulira, ya khosi lalitali, ndipo anthu anaitcha Frying Pan. Inkaimbidwa itagonekedwa pamiyendo, kaimbidwe ka hauyani komwe Ndiche Mwarare anatchuka nako kuno kwathu.

Mu 1947 ku Bell Labs anapanga thiranzisita, kanthu kakang'ono kosafuna kutenthetsa ndi kosasweka, ndipo valavu inayamba kuchotsedwa ntchito. Taganizani: kompyuta ya ENIAC ya mu 1946 inali ndi mavalavu oposa 17,000 ndipo inkalemera matani pafupifupi 30. Foni ili m'thumba mwanuyo ili ndi mathiranzisita mabiliyoni!

Mawailesi anasiya mavalavu, makompyuta anasiya, koma oimba gitala anakana kwamtuwagalu. Chifukwa chake chili pa zimene zimachitika ampu ikapanikizidwa kuposa mphamvu zake. Thiranzisita imadula mawu mwadzidzidzi, khutu n'kumva kukanda. Valavu imawapinda pang'onopang'ono, mawu n'kunenepa.

Kunenepako kuli ndi masamu ake. Nsambo ya A imanjenjemera ka 110 pa sekondi, ndipo valavu yopanikizidwa imawonjezerapo mawu ena a ka 220, omwe ndi A yemweyo koma wam'mwamba. Chala chimodzi, nsambo imodzi, mawu awiri ogwirizana!

Chimene ine chimandikoka mtima n'chakuti ampu yotere imamvera chala. Mukakhudza mofatsa imayankha moyera, mukakhudza mwaukali imabangula, batani osaligwira n'komwe. Oimba awiri akhoza kubwerekana gitala imodzi ndi ampu imodzi, womvera ali panja n'kulumbira kuti zida zasintha.

Ndipo mawu okanda omwe lero anthu amawalipirira ndalama zankhaninkhani anayamba mwangozi. Mu 1951, pojambula nyimbo ya Rocket 88 ku Memphis, ampu ya Willie Kizart inali itawonongeka paulendo, koma anajambula nayo chomwecho. Mu 1964 Dave Davies wa The Kinks anachita kung'amba dala sipika yake ndi lezala!

Abale athu a ku Zambia mawu amenewa anapita nawo patali. M'zaka za m'ma 1970 magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anadzaza Lusaka ndi Copperbelt ndi magitala obangula, nyimbo zina akuimba m'Chinyanja. Makampani a ku America anayambanso kudinda zimbale zawo patatha zaka zoposa 30.

Tiyeni kwa amisiri. Leo Fender, amene dzina lake lili pa magitala ndi maampu m'dziko lililonse, anayamba ngati wokonza mawailesi ku Fullerton, California, mu 1938, ndipo kuimba gitala sankadziwa. Mu 1965 anagulitsa kampani yake kwa CBS pa madola 13 miliyoni!

Maampu ake a m'zaka za m'ma 1950 ankalumikizidwa ndi manja, waya ndi waya, ndipo ambiri ogwira ntchitoyo anali amayi. Mayi akamaliza ampu ankalemba dzina lake pa kachidutswa ka tepi n'kumata m'kati. Lero ogula maampu akale amasuzumira m'katimo ndi tochi, kufunafuna dzina lolembedwa pamanja zaka pafupifupi 70 zapitazo.

Jim Marshall naye sanali wa gitala, anali woimba ng'oma wokhala ndi sitolo ku Hanwell, London. Mu 1962 iye ndi amisiri ake anatsegula ampu ya Fender Bassman n'kutsanzira kalumikizidwe kake, koma ndi zipangizo zomwe iwo ankatha kupeza ku England. Mapulani amodzi, zipangizo zina, mawu n'kutuluka ena: umo ndi momwe JTM45 inabadwira.

Pete Townshend wa The Who anaona kuti phokoso lachepa, ndiye Marshall anamupangira ampu ya mawati 100 ndi chibokosi chimodzi cha masipika 8. Onyamula katundu chinawakanika, mpaka anachigawa pawiri n'kusanjikiza mabokosi a masipika anayianayi. Khoma la masipika lomwe mumaliona m'makanema a rock lija linayambika chifukwa cha misana ya anthu, mu 1965.

Koma mfumu ya maampu omangidwa ndi munthu mmodzi ndi Alexander Dumble wa ku California, amene anamwalira mu Januwale 2022. Sankangogulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama, ankayamba wamvetsera kaimbidwe ka munthuyo, kenako n'kumumangira ampu yoyenera zala zake. Moyo wake wonse anapanga maampu pafupifupi 300 okha.

Carlos Santana, Stevie Ray Vaughan ndi Robben Ford anaimbirapo maampu ake. Poopa kuberedwa nzeru, ankathira guluu wolimba pa tizipangizo tina kuti tisaoneke. Ena mwa maampuwa agulidwapo kuposa madola 100,000, zomwe pa mtengo wa kubanki wa mu 2024 zinali ndalama zoposa K170 miliyoni!

Ken Fischer wa ku New Jersey, mwini maampu a Trainwreck, anali ndi kachitidwe kakekake. Ampu iliyonse ikatha ankaipatsa dzina la mkazi. Nambala? Sankalembapo.

Nanga ku Thyolo? Dera limeneli lili ndi mbiri yakeyake ya anthu osaka mawu ndi manja awo. Allan Namoko, mwana wa ku Thyolo wobadwa mu 1956, anali wosaona, koma banjo yake ndi gulu la Chimvu River Jazz Band zinadziwika dziko lonse kudzera pa MBC, ndipo anamwalira mu 1995 asanakwanitse zaka 40.

Imodzi mwa nyimbo zake ili ndi mutu wakuti Gitala Kulira Ngati Chitsulo, ndipo chimbale chake cha Ana Osiidwa chinatuluka mu 1992. Munthu wopatsa nyimbo mutu wotere ndiye kuti khutu lake linali pa kalilidwe ka chida, chimodzimodzi Dumble. Kusiyana kwake n'kwakuti wina ankasaka mawuwo ndi mavolti 400, wina ndi zala 10.

Magulu a jazi a m'midzi ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chileka ankadzipangira okha zida. Chigubu cha mafuta kapena chikopa cha mbuzi chinkakhala thupi la banjo, khosi ankachita kusema, nsambo zinkachokera ku waya wa mabuleki a njinga, ndipo zitsekerero za mabotolo ankazitunga pa waya kuti zizichita tchetchetche. Chogula kusitolo ya zoimbira? Olo chimodzi.

Mwambowu sunafe. Babatoni ya Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi yotalika pafupifupi mamita 3 ndipo amaiimba ndi botolo ndi kamtengo, pomwe Madalitso Band ya ku Lilongwe yazungulira mayiko a ku Ulaya ndi babatoni yopanga okha. Nsambo zake zingati? Imodzi basi!

Ku Kinshasa, Mingiedi Mawangu wa gulu la Konono N°1 anafika mpaka podzipangira zokuzira mawu. Anachotsa maginito m'zitsulo za magalimoto akufa, n'kuwakulunga waya kuti kalimba yake imveke pakati pa phokoso la mumzinda. Mawu okanda omwe anatuluka anakopa Björk wa ku Iceland, amene anaitana gululo pa chimbale chake mu 2007.

Ngakhale gulu la Queen linali ndi zotolatola. Brian May anapanga gitala yake pamodzi ndi bambo ake kuchokera ku thabwa lakale la pamalo osonkhapo moto, ndipo John Deacon anamanga kaampu ndi zipangizo zomwe anatola pa zinyalala ku London mu 1972. Kaampu ka mathiranzisita kameneko kanamveka m'nyimbo zawo zambiri, koma kankayendera batire la mavolti 9!

Choncho ine sindikayika: manja omwe amakonza mawailesi pa msika wa Luchenza, wa Bvumbwe kapena wa Limbe akhoza kumanga ampu ya mavalavu. Mapulani a Fender Champ ya m'zaka za m'ma 1950 ali poyera pa intaneti ndipo amakwana pa pepala limodzi. Mavalavu 3, batani limodzi, mawati 5!

Mwaiderera? Eric Clapton anajambulira chimbale cha Layla mu 1970 ndi ka Champ. Batani la Champ yakaleyo lilinso ndi chodabwitsa chake: manambala ake sathera pa 10, amafika pa 12.

Ubwino wa ampu yomangidwa ndi manja ndi wakuti chilichonse chimaoneka ndipo chimafikirika. Kachipangizo kakapsa, mmisiri amakaona kuda kwake, amamva fungo lake, amakachotsa ndi chitsulo chowotcherera n'kuikapo kena. Maampu a mu 1959 akuimbabe m'mashoo mpaka lero. Nanga foni yanu ya mu 2015 ili kuti?

Ndipo popeza ikhala yanuyanu, mmisiri amayamba ndi mafunso: mumaimba m'tchalitchi, m'holo ya sukulu, pa ukwati kapena pabwalo la mpira? Yankho lanu ndi limene limasankha mavalavu. Awiri a 6V6 amapereka mawati pafupifupi 20, awiri a EL34 amapereka 50, anayi amafika pa 100.

Bokosi lake kalipentala wa pafupi akhoza kulipanga, chifukwa maampu akale a Fender anali a matabwa a paini, ndipo paini tili naye ku Chikangawa ndi ku Zomba. Bulugamu wa m'maesiteti musiyeni agwire ntchito yake youmitsa tiyi: ndi wolemera ndipo amang'aluka akamauma. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje musauganizire n'komwe, watsala pang'ono kutheratu, ndipo ndi mtengo wa fuko kuyambira 1984.

Apa tsono tcherani khutu. Pakhoma pa nyumba zathu pamatuluka mavolti 230, koma m'kati mwa ampu amakwera kufika pa 400, mwinanso 500. Ndipo makapasita amasunga magetsiwo ngakhale ampu itazimitsidwa n'kuzulidwa kukhoma, nthawi zina mpaka mawa lake!

N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amayamba wakhetsa magetsi otsalirawo, amayeza ndi mita, ndipo poyeza ampu yoyaka amapisa dzanja limodzi m'thumba kuti magetsi asapeze njira yodutsa pamtima. Wachinyamata wofuna kuphunzira ayambire pambali pa mmisiri wotere, osati yekha ndi kanema wa pa foni. Gawo limodzi mwa magawo 10 a ampeya imodzi ndi lokwana kuimitsa mtima.

Yamangidwa, tsono inyamuleni. Mathiransifoma achitsulo ndi mkuwa, masipika awiri a maginito aakulu, bokosi lamatabwa: Fender Twin Reverb imalemera makilogalamu 29. Ndi kuposa theka la thumba la chimanga, koma thumba lake lokhala ndi magalasi m'kati!

Pa tala wa M2, kuchokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe ndi pa boma la Thyolo mpaka ku Luchenza, ampu imayenda mwamtendere. Nkhani imayamba mukakhotera m'timisewu tofiira ta m'minda ya tiyi, ta zitunda ndi migula ya madzi, makamaka mvula itagwa. Ikhale pampando itafunda bulangete, osati pansi kumbuyo kwa lole pamodzi ndi ng'oma, ndipo ngati ndi minibasi, lipirani mipando iwiri.

Mukafika, musanayatse, suzumirani kumbuyo n'kukankha valavu iliyonse mofatsa kuti ikhazikike m'soketi, chifukwa mabampu amaitukula pang'onopang'ono. Ngati ampu ili ndi reverb, m'katimo muli masipuling'i aatali awiri kapena atatu, ndipo wovina akaigunda ili chiyakire imachita kuphulika phokoso la bingu. Nzeru ya masipuling'iyi Fender anaitenga kwa Hammond mu 1961.

Ndiye pali chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza yochokera cha ku Mozambique imene imakuta mapiri a Thyolo m'miyezi yozizira. Tiyi amachikonda, koma ampu imadana nacho: chinyezi chimafewetsa pepala la sipika, chimachititsa dzimbiri timapazi ta mavalavu, ndipo chimatsegulira magetsi njira zachidule. Mwini ampu atengere phunziro kufakitale, komwe tiyi salowa m'thumba mpaka madzi atatsala pafupifupi 3 peresenti yokha.

Mankhwala ake ndi osavuta: isakhale pa simenti koma pa benchi, ndipo muziiyatsa kamodzi pa sabata ngakhale kulibe shoo, kuti idziumitse ndi kutentha kwake. Kungoti kufundako kumaitana alendo, mphemvu, makoswe otafuna mawaya ndi mavu omanga zisa zadothi m'makona. Mphemvu imodzi ikagunda malo awiri olakwika, shoo imatha isanayambe!

Musaiimbenso sipika isanalumikizidwe, chifukwa mphamvu yosowa kopita imabwerera n'kukatentha thiransifoma ya mawu, chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri m'bokosimo. Ndipo si yoyatsa n'kuyamba kuimba pomwepo. Ipatseni mpata itenthe kaye, masekondi 30 mpaka mphindi imodzi.

M'bale akakutumizirani ampu kuchokera ku America, werengani kumbuyo kwake musanaibaye kukhoma. Ya ku Joni kapena ya ku England ilibe vuto, magetsi awo ndi ofanana ndi athu. A ku America ndi a mavolti 120, ndiye athuwa akhoza kuipatsa pafupifupi kawiri muyezo wake!

Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ku Nkula anayamba kupanga mu 1966. N'chifukwa chake bandi yopita kumudzi siiwala jenereta, makamaka nyengo ya mvula. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi.

Jenereta nayo ili ndi malamulo ake, chifukwa zida zina zikazima pakamodzi mavolti amadumpha. Ilizeni kaye ikhazikike, ndipo ampu ikhale yomaliza kuyatsidwa ndi yoyamba kuzimitsidwa. Timoto ta m'mavalavu timafuna mavolti 6.3, ndipo sitilekerera kusiyana koposa 10 peresenti.

Twin Reverb ija imadya mawati mpaka 260 kuti ipereke 85 kusipika, otsalawo amasanduka kutentha. Shoo ikatha musathamangire kuinyamula, idikireni izizire kwa mphindi 10. Galasi la valavu yaikulu limatha kupitirira madigiri 200, pomwe madzi amawira pa 100!

Kodi munamvapo kung'ung'udza komwe ampu imachita woimba akasiya nsambo? Ndi magetsi a ESCOM akusinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kwa wodziwa nyimbo mawuwo ali pafupi kwambiri ndi G wapansi. Ku America, komwe ndi ka 60, ampu imang'ung'udza pakati pa B flat ndi B!

Pa pulagi ya mapazi atatu, phazi lalitali lija ndi la moyo wanu, chifukwa limalumikiza thupi la ampu ndi nsambo za gitala kunthaka. Chizolowezi chodula pulagi n'kubaya mawaya awiri m'soketi ndi timitengo ta machesi n'choipa paliponse, koma pa siteji yonyowa, gitala ili m'manja, mlomo uli pa maikolofoni, n'chakupha. Les Harvey wa Stone the Crows anafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yopanda waya wakunthaka, ali ndi zaka 27.

Tsono funso lomwe limasokoneza ogula: mawati angati? Ambiri amaganiza kuti mawati 100 amasokosa kawiri kuposa 50, koma kusiyana kwake ndi madesibelo 3 okha. Kuti khutu limve kuti phokoso lawirikiza, mphamvu ichuluke ka 10, ndiye kuti ampu ya mawati 50 imangoposa ya mawati 5 kawiri basi!

Sipika yabwino ya mainchesi 12, monga Celestion Vintage 30, imatulutsa madesibelo 100 pa mtunda wa mita imodzi kuchokera ku wati imodzi yokha. Oimba, samalani makutu anu, chifukwa akafa sachira. Khutu limapirira madesibelo 85 kwa maola 8 patsiku, koma pa 100 ndi mphindi 15 zokha.

Ine ndikadasankhira woimba wa ku Makwasa kapena ku Thekerani, ndikadati mawati 15 ndi sipika imodzi. Imanyamulika ndi munthu mmodzi, imafika pokoma makutu asanayambe kuwawa, ndipo pabwalo mumangoika maikolofoni patsogolo pake kuti zimkuzamawu zimalize ntchito. Maikolofoni yodziwika pa ntchitoyi, Shure SM57, ndi yomweyonso imene atsogoleri a dziko la America akhala akulankhulirapo kuyambira 1965.

Tisanyozenso thiranzisita. Woimba rumba kapena sungura, amene amafuna kuti nsambo iliyonse imveke payokha ngakhale zala zikuthamanga, imamukwanira bwino lomwe, ndipo B.B. King anaimbira ampu yopanda mavalavu kwa zaka zambiri. Roland JC-120, ya mathiranzisita okhaokha, ikupangidwabe kuyambira 1975.

Chovuta chenicheni ndi kupeza mavalavuwo. Mullard ya ku Blackburn ndi RCA ya ku America anasiya kalekale kuwapanga, ndipo ambiri a lero amachokera ku Slovakia, ku China ndi mumzinda wa Saratov ku Russia. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba, Russia inaletsa kutumiza katundu wina kunja mu Malichi 2022, ndipo masitolo ambiri a zoimbira anauma mavalavu m'masiku ochepa!

Choncho m'bale wa ku Joni akafunsa choti abweretse pa Khirisimasi, mwini ampu asachite manyazi: mafiyuzi, 12AX7 imodzi, ndi mavalavu aakulu awiri oyezedwa kuti ndi ofanana mphamvu. Ang'onoang'ono amakhala zaka zambirimbiri. Aakulu, kwa woimba sabata iliyonse, amatopa pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri.

Kodi n'chifukwa chiyani ku Russia sanasiye kuwapanga? Asilikali awo ankawafunabe. Mu 1976 Viktor Belenko atathawira ku Japan ndi ndege yankhondo ya MiG-25, akatswiri omwe anaitsegula anapezamo mavalavu, m'ndege yothamanga kuposa kawiri liwiro la mawu!

Ndipo abale ake a valavu ali pafupi nafe kuposa momwe timaganizira. Kanema wakale wa chimsana uja anali chigalasi chopopedwa mpweya, ndipo uvuni wa microwave umatenthetsa chakudya ndi mtundu wina wa valavu. Mukakajambulitsa chifuwa ku Malamulo kapena ku chipatala cha boma cha Thyolo, makina a X-ray nawo amadalira chubu chopanda mpweya, nzeru ya mu 1895.

Masiku ano kuli timabokosi ta kompyuta totsanzira mawu a maampu akale, kuyambira Line 6 POD ya mu 1998 mpaka Kemper, ndipo oimba ambiri oyendayenda amatikonda chifukwa timalowa m'chikwama. Kodi mukudziwa zomwe zikuchitika m'katimo woimba akasankha mawu a Champ? Mathiranzisita mamiliyoni akuthamanga ndi masamu kuti amveke ngati mavalavu 3!